Kodi agile imathandizadi ife a UX?

Nachisale:
Moni nonse. Ndimagwira ntchito ya UX (yoonetsetsa kuti app ndi yosavuta kugwiritsa ntchito) pa kakampani kena ku Lilongwe, ndipo tikupanga app yoti magulu a banki m'khonde azilembamo masheya ndi ngongole. Kale ndinkajambula masikirini onse mu Figma (pulogalamu yojambulira maonekedwe a app), mwina miyezi iwiri, kenako n'kupatsira anzathu olemba code. Tsopano abwana akuti tiyambe Scrum, imodzi mwa njira za agile zogwirira ntchito m'zigawo zifupizifupi: sprint (chigawo chimodzi cha ntchito) ya masabata awiri, ndi kukumana m'mawa uliwonse mphindi 15 tili chilili. Mtima sukukhazikika. M'masabata awiri nthawi yokhala pansi ndi amayi a m'maguluwa ndiipeza kuti? Amene munadutsamo, phindu lake lili pati?

aMbewe:
Achemwali, nkhawa yomweyo nanenso ndinali nayo. Chinanditembenuza mtima ndi batani limodzi. Tinkapanga app yolembera ngongole za makasitomala, ndiye pansi pa sikirini tinalemba kuti "Sungani". Lachinayi la sprint yachiwiri tinapita nayo foni kwa mayi wina wogulitsa kaunjika. Dzina analemba bwinobwino, ndalama analemba, koma atafika pa batani lija chala chinangoima m'mwamba. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndikadina apa, ndalama zanga za mufoni zichoka?" Kwa iwo kusunga ndi kusunga ndalama basi. Anthu ena atatu anachita chimodzimodzi tsiku lomwelo. Pofika Lolemba batani linali "Lembani m'buku", ndipo palibenso anakayika.

Tikanatsata njira yakale, mawu amenewo akanafalikira m'masikirini onse, n'kudzadziwika app itatuluka kale. Komanso simufunika chigulu cha anthu. Katswiri wa UX Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumaulula mavuto ambiri akuluakulu, ndipo kuyesa pang'ono pafupipafupi kumaposa kuyesa kamodzi ndi anthu ochuluka. Asanu amenewo mutha kuwapeza pa msonkhano umodzi wa gulu.

Chikondi_dev:
Ine ndimalemba code. Mphindi 15 zija musazipeputse. Ngati ena mwa amayiwo ali ndi mafoni a mabatani, mudzafuna USSD, monga *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Sikirini imodzi ya USSD sipitirira zilembo 182, ndipo mawu a Chichewa ndi ataliatali. Zoterezi ndi bwino ndikuuzeni m'mawa musanajambule, kusiyana n'kudzadula ndekha mawu amene munawaganizira sabata yathunthu.

Nangozo:
Zonsezi n'zoona, koma ndikuchenjezeni, achemwali, chifukwa ine zinandiwawa. Agile Manifesto (chikalata cha mfundo za agile) inalembedwa mu 2001 ku Snowbird, Utah, ndi anthu 17 a ntchito yopanga mapulogalamu, ndipo za kafukufuku wa ogwiritsa ntchito sizitchulidwamo mwachindunji. Komwe ndinkagwira kale, sprint inasanduka kuthamangitsana. Lolemba andipatsa tiketi ya ntchito, Lachitatu akufuna sikirini. Miyezi inayi inatha osaonana ndi kasitomala ngakhale mmodzi.

Chinatipulumutsa ndi njira imene Desirée Sy wa ku kampani ya Autodesk anafotokoza mu 2007. Wa UX amakhala patsogolo ndi sprint imodzi: pamene anzanu akumanga zimene munajambula kale, inu mukufufuza ndi kujambula zobwera, uku mukuyesanso zimene zangomangidwa. Ndiye uzani abwana kuti ulendo wopita ku magulu ulowe mu backlog (mndandanda wa ntchito zoti zigwiridwe) ngati ntchito ina iliyonse, ndi ndalama yake ya thiransipoti ndi mayunitsi. Ukapanda kulembedwa, ndi umene umayamba kuchotsedwa nthawi ikachepa.

Nachisale:
Zikomo kwambiri nonse. A Mbewe, batani langa nalonso ndi "Sungani", ndangoliona kumene. Gulu lina limakumana Lachisanu masana, ndipita ndi masikirini osindikiza papepala. A Nangozo, sprint yoyamba ija, pamene inu munali musanajambule kanthu, anzanu a code ankagwira ntchito yanji?