Iceberg wapsa ndi chisanu, bwana akuti ndizule

Wofunsa: Akuluakulu, ndithandizeni. Komwe ndimagwira ntchito kuli mitengo 12 ya rozi woyera uja wa Iceberg. Usiku wina kunazizira mpaka -9°C, m'mawa kapinga ali mbuu. Pano nsonga zada bii, mphukira zalendewera ngati zathiridwa madzi otentha. Bwana akuti ndizule yonse. Mtima ukundiwawa, ndailera zaka zitatu.

Mayi wa kunazale: Musazule, achimwene. Palani khungwa ndi chikhadabo cha kumunsi kwa nthambi. Mukapeza kobiriwira, mtengo uli moyo. Koma munadulira liti?

Wofunsa: Milungu itatu yapitayo, mayi. Ndinathiranso feteleza kuti iphuke msanga.

Mkulu wopuma ntchito: Palakwika pamenepo, mwana wanga. Iceberg sachita mantha ndi kuzizira. Anamutulutsa ndi katswiri wa maluwa Reimer Kordes ku Germany mu 1958, ndipo akagona tulo take, kusiya kukula nyengo yozizira, amapirira ngakhale -20°C. Inu munamudzutsa nthawi isanakwane. Kudulira ndi feteleza wa nayitirojeni zimatulutsa mphukira zanthete zodzaza madzi, madziwo akaundana amang'amba mkati mwake. Zakudazo zisiyeni kaye ngakhale zikunyansa m'maso, zikuteteza maso ophukira a m'munsi mwa nthambi. Chisanu chikatheratu, dulani pang'onopang'ono mukutsika. Mkati mwa nthambi mukaoneka mofiirira pitirizani, mukafika poyera imani.

Wosamalira maluwa a papaki: Ndiwonjezere za pamfundo pomwe anamezanitsa. Ine ndinaluzapo isanu. Itaphukanso ndinasangalala, koma maluwa anatuluka ofiira kwambiri. Iceberg anali atafa, chotsala chinali tsinde lapansi lomwe anamumezanitsapo, la rozi wofiira wotchedwa Dr. Huey. Chichokereni apo ndimaunjikira dothi masentimita 20 mpaka 25 pamfundopo. Dothilo mukatape kwina, musakokolole pamizu.

Mayi wa kunazale: Ndipo nthaka ikauma, thirirani masana, chifukwa yachinyezi imasunga kutentha. Usiku fundikani ndi nsalu kapena ziguduli. Pulasitiki ayi, pomwe wakhudza tsamba pamapsa.

Wofunsa: Ndapala yonse. Khumi ndi yobiriwira. Iwiri ya kumunsi kwa khoma yauma mpaka pamfundo.

Mkulu wopuma ntchito: Mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi, khomalo likuutchinga n'kuunjikana pamenepo. Iwiriyo muipatse mpaka kutafunda. Ikapanda kuphuka pamwamba pa mfundo, yatsopanoyo mukabzale kumtunda.

Wofunsa: Zikomo, bambo. Mawa ndiwatengera bwana kumunda akadzionere okha khungwa lobiriwiralo.