Chithunzi chosandutsidwa zilembo chikutuluka chotalika komanso chosaoneka bwino

Wophunzira_Python: Moni nonse. Ndalemba pulogalamu yaing'ono ya Python yosandutsa chithunzi kukhala zilembo pogwiritsa ntchito Pillow, laibulale ya Python yosinthira zithunzi. Ndimachepetsa chithunzicho kuti chikhale cha ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 100 m'lifupi, kenako ndimachisintha ndi convert("L") kuti pixel iliyonse ikhale ndi nambala imodzi pakati pa 0 (kuda) ndi 255 (kuyera), ndipo nambalayo ndi imene imasankha chizindikiro pa mndandanda wa khumi uwu: @%#*+=-:. ndi mpata kumapeto. Vuto ndi lakuti nkhope ya mphaka wanga ikutuluka yotalika ngati yakokedwa, ndipo maso sakusiyana ndi ubweya. Kodi ndikulakwitsa pati?

Mlangizi_K: Kutalikako sikukuchokera m'masamu anu. Pixel imakhala yofanana mbali zonse, pamene malo a chilembo chimodzi pa sikirini amatalika pafupifupi kawiri kuposa m'lifupi mwake. Choncho ngati chithunzi chanu ndi cha 800 kwa 600, musapange mizere 75 ayi, koma muchulukitse ndi 0.5 kuti mizere ikhale 37 kapena 38. Onetsetsaninso kuti mukugwiritsa ntchito font yomwe zilembo zake zonse zimatenga malo ofanana, monga Courier kapena Consolas, chifukwa mu Arial chizindikiro cha @ chimakankha zinzake ndipo mizere imakhota.

Mayi_wa_Khodi: Ine ndikambepo za maso osaonekawo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi. Mukagawa manambala 256 ku zizindikiro khumi, chilichonse chimalandira manambala pafupifupi 26. Ngati mphaka wanuyo ndi wotuwa, ndipo ma pixel ake ambiri ali pakati pa 90 ndi 150, ndiye kuti nkhope yonse ikujambulidwa ndi zizindikiro zitatu zokha, zina zisanu ndi ziwirizo zili chikhalire. Musanasankhe zilembo, dutsitsani chithunzicho mu ImageOps.autocontrast kuti malo akuda kwambiri atsikire ku 0 ndipo owala kwambiri akwere kufika 255. Chinanso, mndandanda wanu ndi woyenera pepala loyera, pomwe @ amaimira malo akuda. Ngati terminal yanu (zenera lomwe pulogalamu imasonyezapo zilembozo) ndi yakuda, @ ndiye amawala kuposa zonse, motero muyenera kuutembenuza.

Wophunzira_Python: Zikomo kwambiri nonse awiri. Terminal yanga ndi yakudadi, ndipo nditangotembenuza mndandandawo n'kuchepetsa mizere, maso aoneka bwinobwino. Ndevu zokha ndi zimene zikusowabe.

Mlangizi_K: Ndevu n'zopyapyala kuposa chilembo chimodzi, choncho pa ma pixel 100 sizingatuluke. Yesani zilembo za Braille za mu Unicode (mndandanda waukulu wa zilembo za pakompyuta), zoyambira pa nambala U+2800, zomwe chilichonse chili ndi malo a madontho 8, awiri m'lifupi ndi anayi m'litali. Sinthani chithunzicho ndi convert("1"), imene imamwaza madontho mwa njira ya Floyd–Steinberg, ndipo musachulukitsenso ndi 0.5, poti madonthowo atalikirana pafupifupi mofanana mbali zonse. Dziwani chabe kuti zimenezi sizilinso ASCII, gulu la zilembo wamba ngati zomwe munayamba nazo, lomwe lili ndi zizindikiro zosindikizika 95 zokha, ndiye font yanu iyenera kukhala nazo zilembo za Braille.