Zowonjezera pa funso la kutikita minofu kwa amayi amene akusiya kusamba

Mayi wina wa zaka 51 anafunsa ngati kutikita minofu kungamuthandize pa vuto losowa tulo, kuphwanya thupi ndi kumva kutentha usiku. Tinayankha kuti kumafewetsa minofu ndipo kumabweretsa tulo, koma sikubwezera mahomoni achikazi otchedwa estrogen amene amachepa m'thupi mayi akamasiya kusamba. Tsopano afunsanso za katikitidwe kake.

Mayi, supuni yaing'ono imodzi ya mafuta a mpendadzuwa ikukwanirani. Wokutikitaniyo ayambe wawafunditsa m'manja. Asisite ndi zikhatho kuchokera m'chiuno kukwera m'mbali mwa msana mpaka m'mapewa, kenako azungulize zala zazikulu pamene khosi limakumana ndi phewa, poti m'pamene minofu imauma kwambiri. Mphindi 15 mpaka 20 zikwana, kawiri kapena katatu pamlungu, nthawi yogona itayandikira. Pafupa lenileni la msana asadinikizepo, ndipo zopondana kumsana zija ayi ndithu, chifukwa pamsinkhu uwu mafupa amayamba kufooka.

Ambiri amalakwitsa pothowa ndi madzi otentha kwambiri kapena kutseka mawindo onse. Zimenezi zimadzutsa kutentha komwe mukuthawako.

Katumba wa mwendo umodzi akatupa, n'kumatentha ndi kupweteka, musamutikite. Mwina magazi aundana mumtsempha, ndipo kutikita kungawakankhire m'mapapo. Thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzinso mukaona magazi patapita miyezi 12 chisiyireni kusamba, kapimitseni msanga.