Matayala a Prado 120, ndiike saizi yanji nanga mpweya uzikhala pa bwanji?

Mlimi_wa_25:

Mabwana ndi madona moni nonse. Ndili ndi Prado 120 ya dizilo yochokera ku Japan, inalowa pa Songwe ili ndi matayala a 265/65R17 ndipo pano atheratu moti COF ikubwerayi sindikuona ngati adutsa. Mkati mwa sabata galimotoyi imangozungulira mtauni muno, Area 25 kupita ku City Centre ndi kubwerera, koma kumathero a sabata ndimapita kumunda kupitirira Mitundu mbali ya ku Dzalanyama uko, amene mumaidziwa misewu ya kumeneko mvula ikayamba mukudziwa zomwe ndikunena, makande okhaokha, ndipo popita ndimakhala ndanyamula feteleza pobwera matumba a chimanga. Mwa apo ndi apo timapita ndi ana ku Senga Bay.

Nde vuto ndi loti aliyense akundiuza zake. Mphwanga akuti ndichotse marimu a 17 ndiike a 20 kuti galimoto izioneka bwino, makaniko wina akuti ndiike 285/70R17 a matope aja a mano akuluakulu kuti ndisadzatitimirenso. Komanso nkhani ya mpweya, anyamata opopa amangothira 40 psi m'tayala lililonse osafunsa nkomwe, nde ndikafika pamabampu a msewu wafumbi galimoto imadumpha mpaka matako ake kumathawira m'mbali. Ndithandizeni ndisanataye ndalama, mukudziwa mmene matayala akwerera mtengo ndi forex yavutayi.

Madala_Sipanala:

Achimwene choyamba musiyeni mphwanuyo ndi marimu ake a 20, akadzagula yake adzaike. Tiyeni tione manambalawo kaye kuti muziweruza nokha. 265 ndi mulifupi mwa tayala mu mamilimita, 65 ndi peresenti, kutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya 265 ija, yomwe ndi 172 mm, 17 ndi rimu mu mainchesi. 172 mm imeneyo ndi mphira ndi mpweya zomwe zili pakati pa mwala ndi rimu yanu. Mukaika rimu ya 20, kuti tayala lonse lisasinthe msinkhu mudzaika 265/50R20, khoma lija latsika lafika 132 mm, masentimita 4 apita choncho. Dzenje limodzi usiku litadzaza madzi a mvula, rimu yapindika kapena tayala latuluka chotupa m'mbali, ndipo tayala likatupa m'mbali palibe womata amene angalichize, ndi lotaya basi. Komanso lidzakuphulikireni muli ku Mitundu, mudzalipeza kuti la 20? La 265/65R17 ndi lomwe lili pa ma Hilux, ma Fortuner ndi ma Prado ambiri, paliponse pomwe akugulitsa matayala mumalipeza.

Tsopano za 285. Tayala lanu lapano msinkhu wake wonse ndi 776 mm, 265/70R17 ndi 803 mm, 285/70R17 ndi 831 mm. Kumbukirani kuti galimoto imakwera ndi theka lokha la kusiyanako, nde 265/70 ikukwezani 13 mm, 285 ikukwezani 27 mm basi. Koma mtengo wa 27 mm imeneyo ndi waukulu. Pa Prado 120 yosakwezedwa 285 imakhula mkati mwa madigadi mukapinda chiwongolero mpaka mapeto, makamaka kumbuyo kwa tayala lakutsogolo komwe kuli mudflap, ndipo mukanyamula matumba mukagwa m'dzenje mudzamva kuti khwee. Anthu amayamba kudula mapulasitiki, kukweza ma spring, kusintha marimu, ndalama zikungotuluka. Tayala lalikulu ndi lolemera, injini imavutika ponyamuka, mabuleki amagwira ntchito yambiri, dizilo imamwa zedi, ndipo ndi mizere ya mafuta yomwe timaigonera ija simungafune zimenezo. Spido nayo imanama, 285 ndi yaikulu ndi 7 peresenti nde singano ikamaloza 100 mukhoza kukhala muli pa 107, a traffic akakuimitsani ndi kamera yawo pa M1 sadzamva zoti ndi matayala. Pa 265/70 kusiyana ndi 3 peresenti ndi pang'ono chabe.

Ine nditakhala inu, 265/65R17 yomweyo koma AT (all-terrain, oyenda pa phula ndi pa fumbi pomwe), kapena ngati mtima ukufunadi kukwera pang'ono 265/70R17, pamenepo nkuima. Ndipo musanalipire auzeni aike limodzi kutsogolo mupinde chiwongolero uku ndi uku mumvere.

Mfana_wa_47:

Madala mwaonjeza kkkk. Ine ndili ndi ma 20 pa Fortuner yanga ndipo zili bhobho, sinapindikepo olo imodzi, pa kona imagwira msewu kuposa mmene inalili pa 17. Osamaopseza anthu

Madala_Sipanala:

Mfana iwe munda wako uli pa Gateway Mall eti? Pa phula ndikuvomera, khoma lalifupi silipindika pa kona. Koma awa akunena makande a ku Dzalanyama ndi matumba a feteleza. Ndipo pa 20 sungaphwetse mpweya, ukangotsitsa pang'ono rimu yafika pansi.

NaBanda_Field:

Bambo a ku 25, saizi madala anena kale sindibwereza, ine ndiyankhe za mpweya chifukwa ndi pamene anthu ambiri amaluza. Ndimayendetsa galimoto za ku field, Ntchisi, Dowa, nthawi zina mpaka ku Nyika kudzera ku Rumphi ndi Bolero, ndipo ndikuuzeni kuti tayala la AT wamba lokhala ndi mpweya woyenera limadutsa pomwe la matope lopopedwa 40 latitimira.

Tsegulani chitseko chanu cha dalaivala muone pa chipilala, pali ka sitika kolembedwa mpweya wa galimoto yanu, pa ma Prado amenewa mupeza cha m'ma 2 bar, yomwe ndi 29 psi kapena 200 kPa, zonsezo ndi chinthu chimodzi mayina chabe. Nambala yomwe ili pa tayala yolembedwa MAX ija si yoti muzipopa, ndi malire a tayalalo. Anyamata aja amathira 40 chifukwa anazolowera ma minibus ndi ma lole ang'onoang'ono olemedwa ndi katundu, ndipo ma geji awo ena anagwa pansi kambirimbiri sakuwerenganso bwino. Gulani geji yanu, ndi kanthu kakang'ono kokwana m'thumba. Muziyeza m'mawa galimoto isanayende, chifukwa tayala likatentha mpweya umakwera wokha ndi 4 psi kapena kuposa, nde mukafika ku Salima masana a Okutobala nkuyeza muona zakwera, osaphwetsa ayi, likazizira lidzakhala lochepa mpweya.

Mmene ine ndimachitira. Pa phula monga sitika yanenera, ndikanyamula katundu ndimaonjezera kumbuyo mpaka cha m'ma 2.4 bar. Ndikangosiya phula kulowa msewu wafumbi wa mabampu ndimatsitsa kufika cha m'ma 1.7 kapena 1.8 nkuchepetsanso liwiro, osapitirira 60 kapena 70, galimoto imasiya kudumpha ndipo tayala limakumbatira mwala m'malo moti mwala uliboole. Kuthawa kwa matako mukunenako ndi kumeneko, tayala louma gwa silikhala pansi pamabampu. M'matope cha m'ma 1.5 mpaka 1.6. Mumchenga wofewa ngati wa kunyanja uja 1.2, zikavutitsitsa 1.0 koma pamenepo muziyenda pang'onopang'ono osapinda chiwongolero mwamphamvu, tayala limatha kuvuka pa rimu mpweya wonse nkutuluka kamodzi. Chomwe chimachitika mukaphwetsa, anthu amaganiza kuti tayala limafutukuka m'mbali, koma kwenikweni gawo logunda pansi limatalika kutsogolo ndi kumbuyo, kulemera kwa galimoto nkugawikana pamalo aakulu. Tsikani mudzaone nokha phazi lomwe likusiya pa mchenga.

Chofunika kwambiri, mukabwerera pa phula popani nthawi yomweyo. Tayala lochepa mpweya pa liwiro la 100 limatentha, mawaya a mkati amalekana ndi mphira, limaphulika mwina osati tsiku lomwelo koma sabata yotsatira muli ndi ana m'galimoto pa msewu wa Salima potsetsereka paja. Nde kompresa yaing'ono ya 12V, ija yolumikiza ku batire ndi timapanisi osati ya pa laita, imeneyo gulani musanaganize za marimu. Injini izilira pamene mukupopa. Ndipo ngati mwasenza matumba ambiri musatsitse kwambiri kumbuyo, manambala ndanenawa ndi a galimoto yosalemedwa kwenikweni.

Kaunjika_Boss:

Ndionjezerepo ziwiri zitatu. Bwana taonani kaye matayala omwe anabwera ndi galimotowo ngati sanalembedwe STUDLESS m'mbali, galimoto zambiri za ku Japan zimabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, mphira wake ndi wofewa ali ndi timizere ting'onoting'ono tambirimbiri, kuno kotentha amatha msanga ndipo pa phula lonyowa buleki yake ndi yokayikitsa. Amenewanso ndi omwe adzadza mu matayala a kaunjika, amaoneka mano ambiri munthu nkuona ngati watola. Ngati mugula a kaunjika, olo atsopano kumene, funani pomwe palembedwa DOT, manambala anayi omaliza ndi sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Likapitirira zaka 6 muziliyang'ana ndi diso lokayika olo mano akhale onse, pindani khoma ndi chala muone ngati mulibe timing'alu, lowetsaninso dzanja mkati mumve zigamba.

Kenako pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 112S kapena 112T. 112 ndiye kuti tayala limodzi limasenza 1,120 kg, S ndi liwiro la 180, T ndi 190. Osatsika pansi pa nambala yomwe ili pa matayala oyenera galimoto yanu. Poti mumanyamula matumba ndipo kumunda kuli zitsa, ganizirani a LT (light truck, opangidwira kusenza katundu), olembedwa mwachitsanzo LT265/70R17 121/118, amenewo khoma lake ndi lolimba, 121 ndi 1,450 kg. Koma dziwani kuti LT ndi olemera, amauma, ndipo pa phula amafuna mpweya wochulukirapo kuposa wa pa sitika uja omwe mayi a Field anena, cha m'ma 2.5 kupita m'mwamba, apo ayi amatentha.

Za MT a matope aja, ine ndikutsutsana pang'ono ndi mayi. M'makande enieni AT imadzaza matope m'mano nkusanduka dazi, MT ndi imene imalavula matope ikamazungulira, palibe mpweya womwe ungasinthe zimenezo. Kungoti inu masiku ambiri muli pa phula, ndipo MT pa phula imalira huuu kuchokera pa Kanengo mpaka kunyumba, imatha msanga, pa mvula siigwira bwino. Mvula ndi ya Novembala mpaka Epulo, makande enieni ndi miyezi iwiri itatu. Mitundu ya AT ya mano ozama ilipo, BFGoodrich KO2, General Grabber AT3, Maxxis, onani zomwe thumba likulola.

Mlimi_wa_25:

Zikomo kwambiri nonse, ndatuluka kukayang'ana ndipo alembadi STUDLESS, sitika nayo ilipo. Ndiika 265/65R17 AT ndigule geji ndi kompresa. Mafunso awiri omaliza. Ndalama sizikukwana onse asanu pakamodzi, ndingagule awiri kaye ndiike kutsogolo ena ndidzagule mwezi wamawa? Komanso rimu imodzi ili ndi mng'alu, mnzanga ali ndi marimu a Pajero a mabowo 6 akuti angandipatse, alowa?

Madala_Sipanala:

Za Pajero ayi. Mabowo ndi ofananadi, 6x139.7, koma bowo lapakati la Prado ndi 106 mm pomwe la ma Pajero ambiri ndi 67 mm, nde silingalowe pa hub yanu, komanso offset yake (mmene rimu imalowera mkati kapena kutulukira kunja ikamangidwa) ndi ina, ya Prado 120 ndi +30 pa rimu ya 17x7.5. A Land Cruiser 100 musayese nkomwe, amenewo ndi mabowo 5. Pitani ku Biwi mukafune rimu ya Prado yeniyeni, tengani yong'alukayo mukafanizire, kumbuyo kwa rimu amadindako manambala onsewa. Rimu ya aluminiyamu yong'aluka osawotcherera kuti muziyendera. Ndipo mukagula rimu yosakhala ya Toyota onani manati, a Toyota ali ndi washa wa fulati, marimu ena amafuna manati osongoka, mukasakaniza amamasuka okha mumsewu. Ma spacer, mbale zoika pakati pa rimu ndi hub zija, osaika.

Za kugula awiri, poti mwasankha saizi yomweyo zitheka kwa mwezi umodziwo, mukanasankha 265/70 ndikanakana, chifukwa Prado 120 imakoka matayala onse anayi nthawi zonse, ili ndi difu yapakati, nde kutsogolo ndi kumbuyo zikasiyana msinkhu difu imeneyo imagwira ntchito osapuma. Koma awiri atsopanowo aikeni kumbuyo osati kutsogolo, pa msewu wonyowa kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira ndipo simungaibweze. Mwezi umenewo centre diff lock, yomwe imakhoma difu yapakati ija, osaikhudza pa phula, kumunda mudikire kaye onse anayi akwane. Sipeya nayo ikhale saizi yomweyo ndipo muziiyeza mpweya. Mukaika onse pangitsani balancing ndi alignment tsiku lomwelo, muuzenso mnyamata womangayo asamalize manati ndi mfuti ya mpweya ija, amange ndi sipanala ya m'galimoto mwanu momwemo kuti inuyo mudzathe kumasula muli nokha kuthengo.

NaBanda_Field:

Ndipo ikani thabwa lolimba m'buti loti muzikhazikapo jeke, m'matope jeke amangolowa pansi galimoto osakwera. Kompresa mukagula iyeseni pakhomo kaye, phwetsani tayala limodzi kufika 1.5 muone mphindi zingati ikutenga kubwezera pa 2, zina zimatentha nkuzima zisanamalize matayala anayi.