Mafizio akamaliza chaka chokakamizidwa kumidzi, tiwasunge bwanji?

Moni nonse a m'gulu. Ku South Africa, kuyambira 2003, mafizio (ma physiotherapist, othandiza odwala kulimbitsa thupi ndi kuyendanso), ma occupational therapist (othandiza odwala kuti azithanso ntchito za tsiku ndi tsiku) ndi othandiza ovutika kulankhula akamaliza maphunziro amayamba agwira chaka chimodzi m'zipatala za boma, kenako HPCSA, bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala, imawalola kugwira ntchito paokha.

Vuto lili m'zipatala zakumidzi ku KwaZulu-Natal. Ambiri amayamikira luso lomwe amapeza, koma chaka chikangotha amabwerera m'tauni. Amadandaula kusowa wowayang'anira, kuchedwa kwa njinga za olumala ndi ndodo zoyendera, komanso kusamva Chizulu pofunsa wodwala sitiroko.

Tayesa kuwalangiza pafoni mwezi ndi mwezi komanso kupempha anamwino kuti azimasulira, koma anamwinowo amatanganidwa kuwodi. Alawansi yakumidzi payokha sikuwakopa.

Kwanuko mwachita zotani kuti wina atsale chaka chachiwiri, makamaka pamene malo a ntchito yokhazikika palibe?