Kodi mapiri a kuno ku Mangochi angaphulike ngati lija la ku Goma?

Aphunzitsi a ku Malindi

Akuluakulu, ndithandizeni. Ana a Fomu 3 akukangana. Ena akuti phiri la Mangochi ndi mapiri a Namizimu ndi mapiri ophulika amene anangogona tulo, ndipo umboni wawo ndi madzi otentha a ku Liwonde komanso zivomezi zomwe timamva apo ndi apo. Ena akuti zabodza. Poti tili m'chigwa chimodzi ndi Nyiragongo, lomwe linathira chiphalaphala chamoto ku Goma, m'dziko la Congo, mu 2021, phiri lamoyo loyandikana nafe ndi liti, ndipo linaphulika liti komaliza?

WaMiyala wa ku Zomba

Aphunzitsi, auzeni anawo atole mwala wa m'phirimo, auswe ndi hamala n'kuyang'ana pomwe pasweka chatsopano. Aona timibulu toyera, tofiirira ndi takuda, tooneka bwinobwino ndi maso. Timibulu sitikula chonchi pokhapokha chiphalaphala chitazizira pang'onopang'ono pansi penipeni, kwa zaka masauzande ambiri. Chomwe chatulukira kunja chimauma msanga, ndipo mwala wake umakhala wosalala kapena wamabowo. Miyala ya Mangochi, Nkhudzi ndi Cape Maclear ndi granite, syenite ndi gneiss ya zaka mamiliyoni mazana angapo. Sinaphulikepo n'kale lomwe.

Chikweza chomwe mumakwera popita ku Namwera ndi ku Chiponde sichinamangidwe ndi moto. Ndi mlomo wa mng'alu: mbali ya nyanja ndi ya Malombe inatitimira, mbali inayo inatsala m'mwamba. N'chifukwa chake nyanja yathu kumpoto imazama mamita 700, pansi pake n'kutsika kuposa pamwamba pa nyanja yamchere.

Za madzi otentha, musawawerenge ngati umboni. Pansi pamatentha madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yomwe mwatsika. Madzi a mvula akalowa mumng'alu n'kufika makilomita awiri kapena atatu amatentha, ndipo akapeza njira yokwerera msanga amatuluka asanazizire. Ku Liwonde, ku Nkhotakota ndi ku Chiweta zimachitika choncho, popanda phiri lophulika pafupi.

Moto weniweni unalipo kum'mwera kwathu kuno, koma ndi wa zaka pakati pa 135 ndi 105 miliyoni zapitazo. Chisumbu cha Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, ndi Kangankunde ku Balaka, ndi makhosi a mapiri ophulika omwe mitu yake inakokoloka kalekale. Mwala wake ndi carbonatite, womwe katswiri wa miyala Frank Dixey ndi anzake anaufotokoza mu 1937, ndipo ndi umenewu makampani akuufunira miyala yamtengo wapatali ija yopangira maginito. Zomba ndi Mulanje ndi a msinkhu womwewo, koma anthu amalakwitsa powatcha mapiri ophulika akufa. Iwowa ndi chiphalaphala chomwe chinaumira pansi chisanatuluke, kenako mvula n'kukokolola zofewa zozungulira.

Mayi a Jiyoloje, Karonga

Achimwene a ku Zomba anena zoona za kum'mwera. Phiri lomwe aphunzitsi akufunsa lili kumutu kwa nyanja, ku Tanzania, kumtunda kwa tauni ya Tukuyu. Dzina lake Rungwe. Ndi lalitali pafupifupi mamita 3,000, lili pamtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Karonga, ndipo kuchokera ku Mangochi ndi oposa 600. Lili ndi anzake awiri, Ngozi ndi Kyejo, ndiponso timapiri tating'ono tambirimbiri. Moto unasankha pamenepo chifukwa pamakumana zigwa zitatu, cha nyanja ya Malawi, cha Rukwa ndi cha Usangu, ndiye ming'alu yopingasana imapatsa chiphalaphala njira.

Musalifanizire ndi Nyiragongo. La ku Goma chiphalaphala chake n'chamadzimadzi, chimathamanga kutsetsereka. Cha Rungwe ndi trachyte, cholimba ndi chomata. Phala likamawira mpweya umatuluka mosavuta, koma nsima ikayamba kulimba imathithima n'kukulavulirani pamkono. Rungwe ndi wa mtundu wa nsimawo. M'chiphalaphala muli nthunzi ya madzi ndi mpweya wina wosungunukiramo. Chikamakwera, kulemera kwa miyala yochipanikiza kumachepa, mpweyawo n'kupanga thovu, ndipo poti sungathawe umang'amba chiphalaphala chonse kukhala phulusa ndi pumice, mwala wopepuka wodzaza timabowo.

Mbiri yake imawerengedwa m'magombe a misewu ndi m'matope a pansi pa nyanja, pomwe phulusa limagona mizeremizere. Zaka pafupifupi 10,000 zapitazo Ngozi linaphulika kwambiri, ndipo lero pamutu pake pali chidzenje cha makilomita ngati atatu m'lifupi, m'kati mwake muli nyanja. Zaka pafupifupi 4,000 zapitazo inali nthawi ya Rungwe. Utsi ndi phulusa zinakwera makilomita 30 mpaka 35. Chochititsa chidwi n'chakuti kunalibe mphepo yamphamvu masiku amenewo, moti pumice anagwa mozungulira phiri mofanana mbali zonse, pomwe nthawi zambiri amagonera mbali imodzi. Phulusa lake linapezeka m'matope a kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Panabweranso kuphulika kwina kocheperapo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo Rungwe ndi Ngozi onse anaphulikanso m'zaka 1,000 zapitazi.

Komaliza kwenikweni ndi Kyejo, cha m'ma 1800. Mng'alu unatseguka m'mbali mwa phiri, panamera timapiri tiwiri, Sarabwe ndi Fiteko, ndipo chiphalaphala chinayenda makilomita 8 n'kukwirira midzi. Mpaka lero kumeneko pansi pamatuluka mpweya wa carbon dioxide wochuluka moti amautapa n'kukauika m'zakumwa. Zaka 200 kwa phiri lotere si kanthu, ndiye tizilitcha logona, osati lakufa.

Limodzi la mapiriwa likadzadzuka, chiphalaphala sichingafike ngakhale ku Karonga. Nkhawa ya Malawi ndi phulusa, makamaka nyengo ya mpoto. Nthawi ya mwera mphepo ya m'munsi imalikankhira kwina, ngakhale ya kumwamba kwenikweni ili ndi njira zake. Phulusa la phiri si la nkhuni, ndi galasi ndi mwala woperedwa. Likaunjikana masentimita 10 pamalata n'kunyowa ndi mvula limaposa makilogalamu 100 pa sikweya mita imodzi, ndipo denga la mitengo yowonda limagwa. Limalowanso m'zitsime, m'mainjini ndi m'mapapo. Ku Mangochi, mtunda umenewo, kungafike fumbi lopyapyala basi.

Chapambali: atabowola pansi pa nyanja yathu mu 2005, m'matopemo munapezeka tizidutswa ta phulusa la Toba, phiri la ku Indonesia lomwe linaphulika zaka pafupifupi 74,000 zapitazo. Anawo akamva zimenezi adzamvetsa kutalika kwa ulendo wa phulusa.

Che Mlamu a ku Makawa

Aphunzitsi, pali zinthu ziwiri zomwe zimasocheretsa anthu kuno kunyanja. Choyamba ndi utsi wakuda womwe umaima panyanja ngati kwayaka moto pansi pa madzi. Imeneyo ndi nkhungu, tizilombo tomwe timaswa m'madzi n'kuuluka pamodzi, tomwe anzathu a kumpoto amawomba ndi lichero n'kuumba ndiwo.

Chachiwiri ndi miyala yamabowo yomwe ana amatola n'kumati ya phiri lophulika. Iyeseni motere. Uponyeni mu ndowa ya madzi: pumice weniweni amayandama. Ukamira koma ndi wakuda, wolemera, wonyezimira ngati galasi ndipo pena ukukoka maginito, kawirikawiri ndi zotsalira za ng'anjo zomwe makolo ankasungunulira chitsulo. Ukakhala wofiira ngati dzimbiri, wofumbutuka, ndi uja timathira m'misewu, wopangika m'dothi chifukwa cha mvula ndi dzuwa. Wa carbonatite mumaupala ndi mpeni kuti pakhale ufa, n'kudonthezera vinega wamphamvu, umachita thovu. Koma samalani, mwala wa laimu wa ku Balaka umachitanso thovu lomwelo, ndiye kuyesa kumeneku pakokha sikugamula mlandu. Asidi wa batire ayi, amawotcha ana ndipo amakuta mwalawo msanga thovu n'kuleka. Wokayikitsa ulembeni malo omwe mwautola n'kupita nawo ku ofesi ya Geological Survey ku Zomba.

WaMiyala wa ku Zomba

Ndibwererenso pa zivomezi, chifukwa apo anawo sanaphonye kwenikweni. Chigwachi chikutseguka mamilimita awiri kapena atatu pachaka. Miyala imakana kwa zaka zambiri, kenako imatsetsereka kamodzi. Cha ku Salima pa 10 Malichi 1989 chinaposa 6 pa sikelo yoyezera zivomezi ndipo chinapha anthu, za ku Karonga mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri. Zonsezi zinachokera m'ming'alu, osati m'phiri lophulika.

Mangochi ali ndi vuto lina: tauni ndi midzi ya m'mbali mwa Shire zakhala pa mchenga ndi matope, momwe madzi ali pafupi, ndipo dothi lotere limagwedezeka kwambiri kuposa thanthwe. Nyumba zimagwera pamakona osalumikizana, pa zipupa zazitali za njerwa imodzi zomangira dothi, ndi pa gebulo wolemera wopanda chomugwira. Womanga alumikize njerwa pamakona mzere uliwonse, azungulize bimu ya konkire yokhala ndi zitsulo pamwamba pa mawindo ndi zitseko zonse popanda kudukiza, asaike windo pafupi ndi kona, ndipo mitengo ya denga aimangirire ku bimuyo ndi waya m'malo moitsamiritsa ndi miyala pamalata.