Ganizo lathu tilifikitse bwanji ku khonsolo?

Akuluakulu a mu Lilongwe muno, tithandizeni nzeru. Kuno ku Area 23 tili ndi kagulu ka achinyamata, timatola zowola pamsika, makoko a nthochi ndi masamba a kabichi, n'kupanga manyowa ogulitsa kwa amadimba. Tikufuna kamalo kovomerezeka kounjikapo, tatopa n'kumangobisa milu kuseri kwa mipanda ya eni.

Ndiye tiyambire kwa ndani, kwa amfumu, ku komiti ya chitukuko ya mu wodi, kapena tingolunjika kwa khansala? Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linabwera kuti eni dera tizilankhulapo pa chitukuko, koma polowera pake ndi pamene pakutisowa. Nanga khonsolo ikamakonza bajeti, munthu wamba amaloledwa kukaperekako ganizo? Inu amene munayesapo, kalata munalembera ndani, ndipo anakuyankhani?